Wosamutsa Amene Sanasinthe Kanthu

Panali munthu wina, dzina lake Gostino, amene ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a makompyuta. Sanali wanzeru zodabwitsa, komanso sanali mbuli. Anali munthu wa ntchito basi, wa msana wopindika ndi maso ofiira, monga mmene ambiri a inu mudzakhalire zaka zikubwerazi. Musaseke. Tonse tinayamba ndi maso oyera.

Kuchigwa kwina kotentha kunali sikimu ya mpunga. Alimi a kumeneko ankathirira minda ndi madzi a mumtsinje, ndipo pampu yawo inali imodzi yokha, yaikulu, yokhala m'kanyumba ka njerwa m'mphepete mwa mtsinjewo. Pampuyo sinkayatsidwa ndi munthu. Inkayendetsedwa ndi kabokosi kachitsulo kamene kanali mu ofesi ya sikimu, kumtunda, kutali ndithu ndi mtsinje. M'kabokosimo munali kakompyuta. Nthawi yothirira ikakwana, kakompyutako kankatsegula chitseko cha paipi yokoka madzi, kenako n'kuyatsa pampu, madzi n'kukwera mpaka kudzagwera m'ngalande.

Mukudziwa kuti mkati mwa kompyuta iliyonse muli purosesa, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera. Mukudziwanso kuti mapurosesa ali ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umamva chilankhulo chake. Pamwamba pa purosesa pamakhala pulogalamu yaikulu, mayi wa mapulogalamu onse. Ndiyo imadzutsa makina, kusunga nthawi, kugawa malo osungiramo zinthu, ndi kuuza mapulogalamu ena kuti iwe yamba, iwe dikira kaye. Ukaichotsa pa purosesa imene inalembedwera n'kuiika pa ya mtundu wina, makina amangoti duu, ngati mlendo amene akumufunsa njira m'chilankhulo chimene sanachimvepo.

Tsono fakitale ya kunja imene inkapanga purosesa ya m'kabokosi kaja inasiya kuipanga. Timabokosi tapadera timene alimi anasunga tinatha kamodzikamodzi. Kotsalako kanayamba kuzima kokha dzuwa likaswa mtengo. Alimi anapeza kabokosi katsopano, ka purosesa ya mtundu wina, yothamanga kwambiri, koma pulogalamu yakale sinkadzuka m'menemo. Amene anailemba anali atamwalira kalekale, osasiya womuphunzira. Ndiye alimiwo anaitana Gostino kuti adzaisamutse.

Wapampando wa sikimuyo anali mayi wachikulire, a Nachisale. Anamulandirira pakhonde la ofesi.

"Mwanangu, ife sitikufuna zatsopano," iwo anatero. "Kabokosi aka katitumikira kuyambira ana anga ali pamsana. Mungotenga zomwe zili umu muike umo. Musawonjezere, musachotsere."

"Ndamva, amayi."

"Tikafesa panazale, mbande zizifuna madzi tsiku ndi tsiku. Kakale aka sikatifikitsa pa kuwokera."

"Ndamva," anateronso Gostino, n'kunyamula kabokosi katsopano kubwerera nako kutauni.

Ntchito yosamutsa pulogalamu yaikulu ilibe ulemerero. Womanga nyumba amaloza nyumba yake, anthu n'kumuyamikira. Wosamutsa akagwira bwino ntchito, palibe chimene chimaoneka. Zonse zimangoyenda monga dzulo, ndipo anthu amafunsa kuti nanga miyezi yonseyi umatani. Gostino ankadziwa zimenezi asanayambe, ndipo kudziwako kunamutopetseratu.

Masabata oyamba sikirini inali bii. Ankalemba, kuyatsa, kuyang'ana mdima, kuzimitsa, kulembanso. Mbali ya pulogalamu imene inkadzutsa makina inali yolembedwa m'chilankhulo chenicheni cha purosesa yakale, ndipo anayenera kuilembanso yonse ndi manja. Tsiku lina chilembo chimodzi chinatuluka pakona ya sikirini. Anachiyang'ana nthawi yaitali, osakondwa n'komwe, chifukwa ankadziwa kuchuluka kwa zimene zatsala. Pambuyo pake manambala anayamba kutuluka chambuyo, poti purosesa yatsopanoyo inkasanja manambala mosiyana ndi yakale. Atakonza zimenezo, wotchi inasokonekera. Atakonza wotchi, makina anayamba kuiwala zimene awasungitsa. Vuto lililonse linkabisa mng'ono wake kumbuyo. Tiyi ankazizirira m'kapu, mkazi wake anasiya kumufunsa kuti zikuyenda bwanji, ndipo iye anasiya kuyankha moni ndi mawu athunthu.

Pakati pa ntchitoyo anaona malo ena amene malemu aja analemba mozungulirazungulira. Anati apa ndiwongole, zikhale zaudongo. Anawongola. Makina anafa, ndipo anatha masiku ambiri akufufuza chimene waphwanya, mpaka anabwezera zonse monga anazipezera. Kuyambira tsiku limenelo analumbira mumtima kuti sadzakonzanso za mwini. Anati ine ndine wonyamula katundu chabe, mtolo si wanga, sindiumasula. Mzere uliwonse umene purosesa yatsopano inkatha kuumva ankaukopera monga unalili, osafunsa. Ndipo lamulo limeneli linamupatsa mpumulo pang'ono, pakuti munthu wotopa amakonda lamulo limene limamuchotsera kuganiza.

Cha kumapeto anafika pa kachigawo kamene kankayendetsa chitseko cha paipi ndi pampu. Kanali kakafupi. Kankati: yatsa mota ya chitseko, werenga kuyambira pa wani mpaka nambala yakutiyakuti, zimitsa mota ya chitseko, yatsa pampu. Nambalayo inali yaikulu zedi, ndipo panalibe mawu ofotokoza kuti inachokera kuti. Kuwerengako sikunkatulutsa kanthu. Makina ankangowerenga, akamaliza n'kutaya yankho.

Gostino anaima pamzere umenewo. Mtima unamuuza kuti pali kanthu apa. Koma akanafunsa ndani? Mwini mzere anali kumanda, ndipo m'chipindamo anali yekha. Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Tsiku lomwelo a Nachisale anali atamuimbira foni kuti mbande zamera, ndipo kabokosi kakale kakuzima pafupipafupi. Khosi linkamuwawa. Anakumbukira masiku amene anataya powongola za mwini, anakumbukiranso mawu aja oti musawonjezere, musachotsere. Anakopera mzerewo, nambala yake yomweyo, n'kupitirira.

Musaganize kuti sanayese. Anayesa, monga mmene tonsefe timayesera. Patebulo pake analumikiza mababu awiri, limodzi m'malo mwa chitseko, lina m'malo mwa pampu. Atayendetsa pulogalamu, babu la chitseko linathwanima, la pampu n'kuyaka. Loyamba linayamba, lachiwiri linatsatira, ndondomeko yake yomweyo. Zinachitika mofulumira kwambiri moti diso silinathe kuzilekanitsa bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi yonseyo Gostino anamwetulira. Anati purosesa iyi ndi yaliwiro ndithu. Babu silifuna madzi kuti liyake, ndiye silinamuuze kanthu.

Anafika kuchigwa m'mwezi wotentha, nthaka itang'ambika. Kabokosi kakale kanali katafa dzulo lake. Panazale mbande zinali zitayamba kupinda masamba, ndipo alimi anali atasonkhana kale pamutu pa ngalande, pafupi ndi ofesi, makasu ali m'manja. Gostino anachotsa kabokosi kakale, anamanga katsopano, analumikiza mawaya mmodzimmodzi. Anayatsa. Makina anadzuka bwinobwino, wotchi inali yolondola, kanyali kobiriwira kanayaka kusonyeza kuti chitseko chatsegulidwa ndipo pampu ikuzungulira. Kumunsi kumtsinje kunamveka kulira kwa pampu, ndipo amayi ena anayamba kululutira.

Madzi sanabwere.

"Tidikire pang'ono," anatero Gostino. "Paipi inauma, madzi atenga nthawi kuti akwere."

Anadikira. Anthu anakhala pansi pamthunzi wa ofesi. Gostino anayang'ananso kanyali kaja, kanali kobiriwirabe, ndipo anakhulupirira kanyaliko. Kulira kwa pampu kunasintha, kunakhala kowonda, kenako kunayamba kukhosomola. Pamene anthu ankatsetsereka kuthamangira kumtsinje, fungo la labala wopsa linali litawachingamira kale panjira. Anapeza kanyumba katadzaza utsi. Chitseko cha paipi chinali chotseka, chitangosuntha kadyonkho. Pampu inali itazungulira youma nthawi yonseyo, mpaka kupsa.

Palibe amene anamutukwana. Mwina kukanakhala bwino akanamutukwana. A Nachisale anafika mochedwa, poti miyendo inali itakula, n'kuima pakhomo la kanyumbako akupuma mwawefuwefu. Anayang'ana pampu, kenako anayang'ana Gostino.

"Mwanangu, munasinthapo chiyani?"

"Palibe, amayi. Ngakhale kadontho."

"Ndiye chaotcha pampu yathu n'chiyani?"

Pomwepo yankho linamufikira Gostino mumtima. Purosesa yakale inali yaulesi. Kuti iwerenge mpaka nambala ija inkatenga nthawi yokwanira kuti mota itembenuze chitseko chonse ndi kuti madzi adzaze paipi. Malemu aja sanalembe kuti dikira chitseko chitseguke. Analemba kuti werenga, chifukwa pa makina awo kuwerenga kunali kudikira. Purosesa yatsopano inamaliza kuwerenga komweko munthu asanaphethire, inazimitsa mota ya chitseko isanagwire ntchito, n'kuyatsa pampu pakamwa pake pali potseka. Kudekha kwa kabokosi kakale sikunalembedwe paliponse. Kunali m'kuchedwa kwake, ndipo kuchedwako kunatsala m'kabokosi kakufa.

Anakwera kubwerera ku ofesi, anakhala pabenchi, anatsegula pulogalamu ija. Anafufuta kuwerenga konse. M'malo mwake analemba kuti mota isazime mpaka chitseko chitatseguka chonse, ndipo pampu isayake mpaka madzi atafika pakamwa pake. Inali mizere yochepa. Anailemba m'kanthawi kosakwana kumwa chikho cha madzi, ndipo zimenezi n'zimene zinamuwawa koposa. Anamva chisoni, anamva manyazi, koma kuposa zonse anamva kutopa kumene tulo sitichotsa.

Zipangizo zokonzera pampu zinachedwa kufika, monga mmene zimachedwera nthawi zonse. Alimi anayesa kutunga ndi ndowa ndi makheni, koma mtsinje unali kutali ndipo dzuwa silinawamvere chisoni. Mbande zinasanduka zachikasu, kenako zofiirira. Tsiku limene pampu inakonzedwa, kabokosi katsopano kanagwira ntchito mosalakwitsa: chitseko chinatseguka, pampu inadikira, madzi anagwera m'ngalande. Madziwo anayenda mpaka panazale, n'kupeza mbuzi zikumalizitsa zotsala.

Tsono inu amene mwakhala apa, simukhala pamalo amodzi. Musamuka. Mulowa ntchito zatsopano, mabanja atsopano, mizinda imene makolo anu sanaipondepo, ndipo mudzanyamula malamulo amene munawapeza. Anyamuleni, sindikukuletsani. Koma musaganize kuti kukopera mawu ndiko kukhulupirika. Malamulo ambiri amene akuluakulu anatisiyira anali njira yawo yodikirira chinachake, ndipo chinachakecho sanachitchule chifukwa m'masiku awo chinkafika chokha. Uthenga unkayenda wapansi, mkwiyo n'kuzizirira panjira. Lero umafika mtima ukadali wotentha. Lamulo lililonse limene mukusamutsa, liimitseni pakhomo mulifunse kuti, kodi iwe unkadikira chiyani? Ndikudziwa kuti mudzakhala otopa, ndipo funsolo lidzaoneka ngati ntchito yowonjezera. Funsanibe. Amene adzalipire kusafunsa kwanu si inu, ndi anthu amene akhala pansi pamutu pa ngalande, kudikira madzi chifukwa inu mwawauza kuti akubwera.