Elube ndi njinga yamoto yokana kulira

Ana inu, ena adzakuuzani kuti mwambi wa maso a nkhono ndi wakale kuposa njinga zamoto. Musalimbane nawo. Ine ndikuuzani mmene timaufotokozera kwathu kumapiri, kumene mvula ikayamba msewu umasanduka phala, galimoto n'kumabwerera m'munsi.

Kumeneko kunali mayi wina dzina lake Elube, amene anayendetsa injini ya chigayo zaka zisanu ndi zitatu. Amayi ake, a Nankhoma, ankadwala shuga. Mwezi uliwonse ankayenera kukaonekera kuchipatala kuti awayeze ndi kuwapatsa mankhwala, koma miyendo inali itawakana. Chaka chimenecho mvula inafulumira, ndipo mankhwala amatha Lachisanu.

Choncho Elube anasinthitsa mbuzi zake ziwiri ndi njinga yamoto yakale, ija ya mpikisano wa m'matope, yaitali msinkhu, ya matayala a mano. Inabwera Lolemba mochita kukankha. Matope anali ataumira paliponse, tcheni chitachita dzimbiri, mpando utang'ambika.

Mchimwene wake Witinesi atayiona anagwira pakamwa. Anali munthu wamtima wabwino ndithu, koma waphuma, woti akadzala chimanga m'mawa, madzulo akafukula kuti aone ngati chamera.

"Iwe Elube, mbuzi ziwiri zathera pa chiphakasa chimenechi?"

"Dikirani ndiyisambitse kaye, achimwene. Munthu samudziwa nkhope asanasukusule."

Ndinaonapo anthu ogwira ntchito, koma Elube anali wina. Anatsuka njingayo ndi sopo ndi mswachi wakale mpaka m'makona momwe. Chitsulo chilichonse chimene wamasula ankachiika pamphasa motsatana ndi chinzake, kuti pobwezera ayambire kumapeto kubwerera m'mbuyo. Tcheni anachiviika m'parafini, anathira oyilo watsopano, anapala pulagi, mpando n'kuusoka ndi chikopa. Pofika Lachitatu njinga ija inali waliwali.

Koma kulira ayi. Akaponda chitsulo cholizira injini, inkangotsokomola kawiri n'kukhala chete. Witinesi anaiponda mpaka thukuta kamukamu, anaikankha pamtsetse, anaitukwana, koma njinga osamva.

Lachinayi m'mawa Elube anamasula kabuleta, kumene petulo amasakanikirana ndi mpweya. M'katimo anapeza kachitsulo kochepa ngati nyemba, kokhala ndi kabowo kodutsa petulo. Kabowoko kanali katatsekeka ndi litsiro louma gwa.

Witinesi anathamanga kukatenga msomali ndi nyundo. "Bweretsa kuno ndiboole kamodzi, tithane nazo. Mawa ndi Lachisanu, ukudziwa?"

"Ndikudziwa, achimwene. Koma mukakulitsa bowoli, njinga izimwa petulo mpaka kutsamwa. Kachitsulo kena tikapeza kuti kumapiri kuno?"

"Ndiye amayi afe ukusisita kachitsulo?"

Mawu amenewo anamulasa mtima Elube, ndipo mantha anamugwira, pakuti nthawi inalidi kutha. Koma kachitsulo kaja sanapereke. Anakaviika m'parafini, anasolola kawaya kamodzi m'chingwe chakale cha buleki, kochepa ngati tsitsi, n'kukhala pansi pakhonde pafupi ndi amayi ake. Ankapotoza pang'ono, n'kuviika, n'kuuzira, n'kuyambiranso.

Popeza kunali chinyezi, nkhono ina inakwera pakhondepo. Witinesi, amene ankangoyenda uku ndi uku, anaigogoda ndi msomali uja chifukwa chosowa chochita. Nkhono inalowa m'chigoba. Anaigogodanso kuti ituluke, koma inakhala ngati mwala. Mapeto ake anatopa n'kupita kuseri kwa nyumba akung'ung'udza.

Pakhonde panakhala bata. Dzuwa linakwera mpaka pamutu, Elube asanasunthe ngakhale phazi. A Nankhoma anaona nkhono ija ikutulutsa mutu pafupi ndi chidendene cha mwana wawo, kenako tinyanga tiwiri titalititali, kunsonga kwake kuli timaso takuda. Nthawi yomweyo Elube anamva kawaya kakudutsa. Anakweza kachitsulo kuloza kumwamba, anatsinzina diso limodzi, n'kuona kadontho ka kuwala.

Anabwezera zonse m'malo mwake. Anaponda kamodzi kokha. Njinga inabangula mpaka nkhuku zinabalalika, Witinesi n'kutulukira akuthamanga, msomali ukadali m'manja.

"Yalira! Mlongo wanga, watani?"

A Nankhoma anaseka mpaka misozi. "Iwe unagogoda nkhono, inakubisira nkhope. Mlongo wako anakhala phee, inamuonetsa maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga."

Lachisanu m'mawa anthu anaima m'mbali mwa msewu kuonerera. Elube anatsika phiri panjinga ija pang'onopang'ono m'matope muja, amayi ake atawamangirira kumsana ndi chitenje, monga mmene iwo ankamuberekera ali khanda. Anafika kuchipatala nthawi yabwino.

Kuchokera pamenepo kwathu timati: kuona maso a nkhono n'kudekha. Tanthauzo lake n'lakuti pali zinthu zina zimene sizitheka ndi mphamvu kapena phuma. Zimafuna munthu wofatsa, wodikira, ngakhale mtima ukumuuza kuti thamanga. Kudekha si ulesi, ana inu, pakuti Elube sanapumitse manja. Kukanakhala kuti msomali uja unalowa m'kabowo kaja, a Nankhoma sakanatsika phiri.