Mpanda wa Miyala wa Nauja

Kalekale, kutali kumpoto kumene dzuwa limasowa miyezi itatu, kunali mudzi m'mbali mwa nyanja yaitali, yopapatiza, yopanikizika pakati pa mapiri amiyala. Madzi ake anali opanda mchere, ochokera ku ayezi wa m'mapiri. Kamtsinje kamodzi kokha ndiko kanailumikiza ndi nyanja yamchere.

Chilimwe chikamatha, nsomba zinkakwera kamtsinjeko. Anthu ankazitchinga ndi mpanda wa miyala n'kumazibaya. Koma tsiku lachisanu la usodziwo ankachotsa miyala yapakati kuti zotsala zilowe m'nyanja yawo. Zimenezo ndizo ankawedza nthawi yozizira, ataboola ayezi.

Ntchito yotsegula inali ya Nauja, mayi wamasiye wa mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo analibe bambo womusakira nyama, ndiye moyo wake unali pa nsomba zomwezo.

Chaka china nsomba zinabwera zosaneneka. Tsiku lotsegula, Nauja atagwira mwala, Tuluga, mkulu wa malemu mwamuna wake, anamugwira dzanja.

"Mlamu, taonani kuchuluka kwake. Mutsegula mawa."

Nauja anachita ulemu, nausiya. Mawa lake anagwiranso mwala, Tuluga anati mawa. Mkuja, mawa. Mudzi wonse unkangovomereza, pakamwa pali noninoni. Anthu akakhuta, ana inu, nzeru zimathawira m'mimba.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunacha kamtsinje kataundana gwa! Nauja anamenya miyala ija mpaka zikhatho kuchucha magazi, koma sinasunthe. Nsomba zotsala zinabwerera kunyanja yamchere. Zimene anthu anapha mochedwa zija zinasowa dzuwa loziumitsa, zambiri zinaola.

Miyezi ya mdima itafika, Nauja anaboola ayezi kumunsi kwa phiri, naponya mbedza. Palibe. Anaboola pakati pa nyanja. Palibe. Anayenda masiku awiri mpaka kumutu kwa nyanja, mwana ali kumsana. Palibe ngakhale kamodzi. Anapita kwa Tuluga kukapempha, koma iye anangoti nayenso ali ndi ana.

Mwanayo anamwalira dzuwa lisanabwerere. Poti nthaka inali youma ngati chitsulo, anamukwirira ndi miyala. Tuluga anabwera, naika mwala wake bwinobwino, nayang'ana Nauja pamaso pa anthu onse.

"Koma mlamu, ntchito yotsegula inali yanu. Munalekeranji?"

Onse amene anadya nawo nsomba zija anagwedeza mitu kuvomereza.

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene akukuletsa kuchita chabwino lero, ndi yemweyo adzakufunse chifukwa chake sunachichite.