Lata Lotchinga Mwera

Khalani pansi, inu awiri, mumve kaye fanizo ili tisanalowe m'malangizo ena a ukwati.

Panali munthu wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene mtima wake wonse unali pa zitsulo. Anali ndi pikapu yakale imene anamusiyira malemu bambo ake. Injini inali bwinobwino, koma chasisi, chitsulo cha kunsi chimene chimasenza galimoto yonse, chinali chitadyeka ndi dzimbiri mpaka kung'aluka pafupi ndi tayala la kumbuyo. Tsono mwana wake wamkazi, Chifuniro, ankamanga ukwati Loweruka. Bamboyo anali atalumbira pamaso pa abale kuti mkwatibwi ndi azakhali ake apita kutchalitchi pa galimoto imeneyo, osati ya hayala. Msewu wake unali wa maenje, wotsetsereka. Chitsulo chija chikanathyoka panjira, sakanakhala manyazi okha, anthu akanavulala.

Lachiwiri kunafika katoni kuchokera ku Joni. Mwana wake wamwamuna anali atatumiza makina owotcherera otchedwa MIG. Abale, chimwemwe chake! Mkulu wa imvi anavina pabwalo atakumbatira katoni ngati khanda. Tsiku lomwelo anathamangira kutauni kukatenga botolo la gasi.

Makina amenewa sali ngati a ndodo aja timawaona pamsika. Ukakanikiza batani, waya wopyapyala amatuluka yekha. Pamodzi ndi wayayo pamatulukanso gasi wosaoneka ndi maso, amene amaphimba chitsulo chosungunukacho kuti mpweya usachikhudze chisanagwirane.

Munthuyo sanali wophonya malangizo, pajatu anali mphunzitsi. Anachotsa batire. Anatsitsa thanki ya mafuta n'kukaiika kutali. Anapala dzimbiri ndi galainda, makina opalira zitsulo, mpaka chitsulo chinati mbee. Anadula chigamba chatsopano, n'kuchiyeza kawiri. Zonsezi anakhoza. Koma galimotoyo anaikankhira pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa msewu. Ankati owotcherera onse amagwirira ntchito panja. Chifukwa chenicheni ndikuuzani ine: ankafuna kuti anthu amuone. Ndipo unali mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake.

Lachitatu m'mawa anavala chipewa chake chotchinga kumaso, nakanikiza batani. Moto unathetheka, makina akulira ngati nyama mu chiwaya. Akabaza anaimika njinga. Amayi ochokera kuchigayo anatula matumba. Mkazi wa mphunzitsiyo anali pakhonde, kumene kunkachokera mphepo, akusankha mpunga wa paukwati. Kuwala kutamupweteka m'maso, anatenga lata lakale n'kuliimika pakati pa iye ndi galimoto. Koma posakhalitsa anthu anadandaula kuti latalo likuwatchinga, ndipo wina analigwetsa pansi.

Mwamunayo sanaone n'komwe. Ankangomva kuyamikira. Wina akuti onjezerani moto, aphunzitsi! Wina akuti fulumirani, dzanja likuchedwa! Onsewo anali akatswiri, chikhalirecho palibe ndi mmodzi yemwe anagwirapo makina otere. Iye ankangomvera aliyense, mtima uli m'mwamba.

Atamaliza anaimirira monyadira, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako anatenga hamala kuti aonetse kulimba kwa ntchito yake. Anamenya kamodzi. Chigamba chija chinati the, n'kulendewera. Anapala pang'ono ndi galainda, ndipo m'kati monse mwa mzere wowotchererawo munali timabowo ngati chisa cha njuchi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Oyamikira aja anayamba kuzemba mmodzimmodzi, ena akuseka chamumtima.

Munthuyo anakhala pansi, misozi ili lengelenge. Anachita manyazi, koma koposa anachita mantha, poganiza kuti pakanapanda hamala ija akanakweza mwana wake pa msampha. Akuyang'anitsitsa, anaona chodabwitsa. Kachigawo kamodzi, kotalika ngati chala, kanali kosalala, kogwira zolimba. Ndiko kanaletsa chigambacho kugwa pansi. Anakamenya katatu, osathyoka.

Anaitana mkazi wake. "Amake Chifuniro, apa ndi pamene ndinayambira. Kodi nthawi imeneyo panachitika chiyani?"

Mkaziyo anayankha kuti, "Ine zanu za zitsulozi sindizidziwa, bambo. Ndinangoimika lata kuti maso anga asapse. Alendo anu ndiwo analigwetsa kuti azikuonani bwino."

Mwamunayo anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. "Mphepo! Mayi, ndi mphepo! Imauluza gasi!" Anamugwira mkazi wake manja onse awiri, mpunga n'kumwazika, akuseka ngati mwana.

Nthawi yomweyo awiriwo anakankhira galimoto kuseri kwa nyumba. Anaimika malata mbali zitatu, natseka geti. Anthu atabweranso kudzasuzumira, mwamunayo anawauza mwaulemu kuti adzaone Loweruka. Anapala zonse zoipa zija mpaka kufika pa chitsulo chenicheni. Anayambiranso, pang'onopang'ono, kuwotcherera apa, kudikira kuti pazizire, kupita apo. Panalibe womuwombera m'manja. Mzere unatuluka wosalala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo hamala inangodumpha yokha.

Loweruka pikapu ija inatsika phiri itadzaza azakhali, nthungululu zili pakamwa, mkwatibwi ali kutsogolo. Inalowa m'maenje onse n'kutulukamo. Woyendetsa, mphunzitsi uja, ndiye ankaimba mokweza kuposa onse.

Tsopano inu, ana anga, mwalumikizidwa lero, ndipo mukadali a moto. Tikukondwera nanu, mitima yathu yadzaza! Koma dziwani kuti mawa lomweli mphepo iyamba: anzanu a kuntchito, alamu, achemwali, a pafoni, aliyense ndi nzeru zake za mmene banja lanu liyenera kukhalira. Ambiri sakufunirani zoipa, akungofuna kuonerera. Komatu banja lomangira owonerera limadzaza mabowo m'kati, ndipo limathyoka tsiku limene lasenza katundu. Mmodzi wa inu akaimika lata, wina asalole kuti alendo aligwetse. Tsekani geti, mugwirane kaye. Ife tidikira kunja kuno, tidzakuoneni mukutsika phiri.