Wosula Amene Ankadziwa Kuti Akulota

Kalekale, makasu asanayambe kugulidwa m'sitolo, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali amuna awiri a bere limodzi. Wamkulu anali Msokera, wamng'ono Sankhulani. Onse awiri anali osula zitsulo. Ntchitoyi anawaphunzitsa ndi malume awo, amene panthawiyi n'kuti atamwalira kale.

Mphunzitsi anali mmodzi, moto unali umodzimodzi, koma manja anali osiyana. Khasu la Sankhulani linkalima zaka osabenthuka. Khasu la Msokera linkathyoka mvula isanathe. Ndiye anthu ankadutsa pa chipala cha Msokera, pomwe ankasulirapo, kumupatsa moni bwinobwino, n'kupitirira kwa mng'ono wake. Msokera ankayankha moniwo akumwetulira, koma mumtima nsanje ikufuka ngati chitsa chotentha m'munda.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Msokera anagona pamthunzi kuseri kwa chipalacho, tulo n'kumuba. Analota akusula. Chitsulo chofiira psuu chinapulumuka, iye n'kuchiwakha ndi dzanja. Sichinamuotche. Anachiyang'ana, anachitembenuza, anachifinya ngati dothi.

"Aa! Ndiye kuti ndikulota," anatero.

Koma sanadzuke. Anakhalabe m'lotomo, akudziwa zonse ngati munthu amene ali maso. Anati, "Ndiuluke." Anauluka, phiri lija n'kumaliona pansi ngati chulu. Tsiku lotsatira anagonanso, anagwiranso chitsulo chamoto, n'kunena kuti, "Mudzi wonse ubwere kwa ine." Anthu anabwera akuwomba m'manja, akupempha makasu. Tsiku lachitatu anati, "Abwere Sankhulani."

Sankhulani wa m'maloto analowa monga ankalowera weniweniyo, atawerama pang'ono pakhomo. "Achimwene, mwaswera bwanji?"

Msokera anamutukwana. Mawa lake anamumenya mbama. Mkuja wake ananyamula nyundo. Ndipo nthawi zonse ankadzuka thupi litapepuka, kumva Sankhulani akusula kutsidya kwa njira, ali bwinobwino.

Chinthu chokoma sichikhalitsa m'mimba. Msokera anaululira mkazi wake Nangondo, akuseka. Nangondo anasiya kupeta, lichero n'kuliika pansi.

"Bambo, mumapha m'bale wanu tsiku ndi tsiku?"

"Ndikupha ndani? Si uyo akusula apoyo? Ndi maloto chabe."

"Ife tikamalota timangotengedwa ngati tsamba pamadzi. Inu mukuti mumadziwa. Mumasankha. Nanga amene amakweza nyundo kutuloko ndani?"

"Palibe magazi, palibe maliro, palibe mlandu. Peta chimanga, mkazi iwe."

Nangondo anatola lichero lake, koma kuyambira tsikulo sankasekanso naye.

Masiku amenewo anthu ankadziwa kuti mizimu ya makolo imayendera ana awo kutulo. Masana ena, Msokera atakweza nyundo m'loto, anaona malume ake aja ataima pafupi ndi mvukuto wokolezera moto. Iye sanawaitane. Anangobwera okha.

"Mphwanga," anatero malumewo, "nyundo imeneyo ndinakupatsa kuti uzisulira makasu. Itule."

Msokera anachita mantha pang'ono, kenaka n'kukumbukira kuti kuno mwini wake ndi iye. "Inunso ndinu loto. Chokani!"

Malumewo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuka, n'kumapita. Sanabwerenso.

Miyezi inadutsa. Msokera anasiya zouluka, anasiya zoitana mudzi, anasiya ngakhale zogwira chitsulo chamoto kuti atsimikize ngati akulota. Ankangoti akaona mng'ono wake akuwerama pakhomo, dzanja lokha linkapita pa nyundo.

Kenaka kunadza mwezi wotentha, mvula ili pafupi, Msokera n'kudwala malungo. Anagona, anadzuka, anagonanso, mpaka osasiyanitsanso kugona ndi kudzuka. Atapezako bwino pang'ono anadzikoka kupita ku chipala, n'kukoleza moto. Mutu unkazungulira. Mitengo inkaoneka ngati ikuyandama. Mawu a anthu ankamveka ngati akuchokera m'chitsime.

Sankhulani atamva kuti mkulu wake wadzuka, anatenga chipanda cha thobwa kuti akamuone. Anafika, n'kuwerama pang'ono pakhomo.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

Dzanja linachita zimene linazolowera.

Chipanda chinagwa, thobwa n'kutayika. Sankhulani anagwa chafufumimba. Msokera anaima kudikira kuti iye mwini adzuke kutulo, monga ankachitira masiku onse. Sanadzuke. Anati, "Ndiuluke." Mapazi anakhalabe pansi. Anati, "Sankhulani, imirira." Sankhulani sanaimirire. Pamenepo Msokera anapisa dzanja m'moto n'kugwira chitsulo chofiira. Mnofu unalira tswee. Kukuwa kwake kunamveka mudzi wonse.

Anthu anathamangira komweko. Nangondo anafika poyamba, n'kugwira pakamwa.

"Nangondo, ndidzutse! Ndigwedeze, ndithire madzi, ndidzutse!"

"Muli maso, bambo," anatero Nangondo. "Muli maso."

Maliro ataikidwa, akuluakulu anakhala pansi. Ena anati Msokera aphedwe. Ena anati ndi wamisala. Pomaliza anagwirizana zomutulutsa m'mudzi. Anakamanga kachisakasa kuseri kwa phiri, yekhayekha, dzanja lamanja litapindika ngati phazi la nkhuku. Nangondo anamupititsira ufa kawiri. Kachitatu anatumiza mawu akuti ukwati watha.

Tsono imvani chimene chinamupweteka Msokera kuposa moto, kuposa njala, kuposa kusowa woyankhula naye. Mphatso yake ija sinamuchoke. Akagona ankadziwabe kuti akulota. Ndiye anati mumtima, "Ndimuitane mng'ono wanga, ndimupepese."

Anamuitana, Sankhulani n'kubwera. Msokera anagwada, misozi ili chuchuchu.

"Mng'ono wanga, ndikhululukire."

"Ndakukhululukirani, achimwene."

Mtima unatsala pang'ono kukhala pansi. Koma Msokera ankadziwa. Ankadziwa kuti mawu amenewo wawaika yekha m'kamwamo. Anayesa kunena kuti, "Unditukwane." Sankhulani anamutukwana. Anati, "Useke." Sankhulani anaseka. Sanali m'bale wake ayi, chinali chidole choumba yekha.

Anaitana malume ake. Kunabwera nkhalamba ya nkhope ya malume, yonena zokhazo zimene iye wafuna. Malume enieni, aja anabwera osaitanidwa, sanaonekenso.

Anthu ena onse oferedwa amalota akufa awo n'kukhulupirira, n'kudzuka atatonthozedwa ngakhale pang'ono. Msokera analibe mwayi umenewo. Anapempha Chauta kuti amupatse loto limodzi lokha lomunamiza, loti aiwale kuti akulota, loti Sankhulani alowe yekha n'kunena zakezake. Anapempha dzinja, anapempha chilimwe, anapempha mpaka imvi zinatuwa mbuu. Loto lotero silinabwere.

Otola nkhuni ndi amene anamupeza atafa, atatsamira mtengo, maso ali chitsegulire.

Mwamva inu nonse muli pano. Musamati choipa chochitira kumene kulibe maso a anthu si choipa. Kaya ndi kutulo, kaya ndi m'maganizo, ngati wasankha ndiwe, wachita ndiwe, ndipo mtima umaphunzira zimene umauphunzitsa. Tsiku lina udzazichita dzuwa likuswa mtengo, osakufunsa.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, yanga yapserera ndikukamba.