Ndevu za Wometa

Mphekesera yakhala ikuyenda pansipansi, pampopi ndi m'maminibasi momwe, yakuti wometa wa kuseri kwa msika uja anamulanda ufumu chifukwa anayambana ndi aphunzitsi. Ena akuti ndi nsanje. Bodza lonselo. Nkhani yake ndi ya ndevu.

Wometayu ali m'gulu la zisudzo limene limakumana m'holo ya pasukulu Loweruka lililonse. Zaka zisanu ndi chimodzi ankangosewera wamthenga: kulowa chothamanga, kugwada, kunena mawu atatu, n'kutuluka. Ndiye chaka chino aphunzitsi opuma ntchito amene amatsogolera gululo anamupatsa ufumu m'sewero lakalekale, la aja othera m'misozi. Anamuuziratu kuti akachita bwino tsiku loyamba, chisoti ndi chake ulendo wonse wozungulira masukulu. Akalephera, abwerera kokagwada.

Kuyambira pamenepo, aliyense wokhala pampando wometera ankamva sewero lonse, nsalu ili m'khosi, kothawira kulibe.

"Mfumu imeneyitu si yoipa," ankatero akuzunguza lumo m'mwamba. "Ndi ngwazi. Koma m'masewero akale ngwazi iliyonse imakhala ndi kachilema kamodzi, ngati kabowo pansi pa ndowa. Iyiyi kake n'kusamva. Mkazi wake aichenjeza, nduna ziichenjeza, iyo ayi. Mapeto ake imafa yokha ngati galu."

"Chabwino amfumu, koma yang'anani mutu wangawu, khutu ndikulifunabe," anatero tsiku lina mkulu wogulitsa nsapato.

Tsono gululi lili ndi lamulo limodzi losathyoka: chilichonse chokavala pamaso pa anthu chiyambe chavalidwa pokonzekera komaliza, ngakhale kamphete. Alamu ake a wometayu, telala amene amasoka zovala za gulu komanso kusewera mkazi wa mfumu, anali atamukonzera ndevu za ulusi wakuda. Iye anangozigwira ndi zala ziwiri. Wometa wathunthu avale chikolopa kuchibwano? Kwa milungu iwiri anasesa tsitsi la makasitomala, kusankha lakuda bii ndi la imvi pang'ono, n'kulimata ndi guluu pakansalu.

Alamuwo atabwera kudzamuyesa mkanjo anapeza ndevu zatsopanozo zili pagalasi.

"Zakongola, alamu, sindinama. Koma mawa mukazivale pokonzekera. Pajatu mukafa mumagona chagada mphindi khumi ine ndikukulirani, ndipo tsitsi lodula silikhala malo amodzi."

"Inu mundiphunzitse za tsitsi? Ndakulira momwemu ine. Ndikudziwa kale. Kasokeni mikanjo yanu."

Ankafuna anthu adzagwire pakamwa. Pokonzekera komaliza anavala za ulusi zija mwaulemu wonse, zenizenizo atazibisa m'chikwama.

Loweruka masana holo inadzaza mpaka m'mawindo. Mfumu itatulukira ndi ndevu zofika pachifuwa, anthu anang'ung'udza mogoma. Aphunzitsi kuseri kwa katani anatuzula maso, koma madzi anali atatayika kale. Ndipo zoona zinenedwe, mnyamata anasewera. Mawu ake ankagwedeza malata. Pamene mfumu inkagwa itataya zonse, amayi a kutsogolo anali akupukuta kale m'maso.

Asilikali anaigoneka pathabwa, mkazi wake n'kugwada kuyamba kulira. Apa ndiye thukuta linali litasungunula guluu. Katsitsi kamodzi kanatsetsereka, kanadutsa pamlomo, kanalowa m'mphuno. Wometa analuma lilime. Anapinda zala zakumapazi. Anawerenga malata akudenga ndi diso limodzi. Alamu ake ataona mphuno ikuvina anamufunditsa mpango kumaso kuti amupulumutse, osadziwa kuti akukankhira tsitsi lina momwemo.

"Wagona mwini dziko," analira mofulumizitsa, "sadzatsekulanso pakamwa mpaka kalekale..."

Mtembo unayetsemula. Osati kamodzi, katatu. Kachitatuko ndevu zinauluka n'kukatera paphazi la msilikali.

"Musawaike kaye, achimwene, akadali moyo!" anakuwa wogulitsa nsapato uja ali kumbuyo.

Holo yonse inagwa nako kuseka, amayi olira aja ndiye kuposa onse. Msilikali mmodzi anachita kukhala pansi atagwira nthiti.

Anthu atabalalika, aphunzitsi sanakalipe n'komwe. Anatola ndevuzo, nazikutumula, n'kumupatsa mwini wake.

"Mwana wanga, seweroli unalimvetsa kuposa tonsefe. Chilema cha mfumu unachiona bwinobwino m'buku. Pagalasi lako lalikulu lija ndi pamene sunayang'ane."

Chisoti anapatsa wokonza njinga amene ankasewera nduna. Lero wometa akulowanso chothamanga, kugwada, kunena mawu ake atatu. Alamu ake akamadutsa pamalo ake ometera amangosuzumira n'kufunsa ngati chimfine cha amfumu chinatha, iye n'kuseka nawo, nanga atani. Ndevuzo anazipachika pamwamba pa galasi.

Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Nanga inu, mawu oti "ndikudziwa kale" mwawanena kangati sabata ino?