Chikuto cha Nangondo

Kalekale, zithunzi zikadali zosowa, ku Limbe kunali telala wina, a Mpinganjira. Mkuluyu ankasonkhanitsa magazini akale, koma kuwerenga analibe nako ntchito. Ankangofuna zikuto zake, zija zojambula pamanja ndi utoto. Masamba am'kati ankapatsa ana kuti azikutira makope.

Chikuto chimodzi chinali ndi nkhope ya mkazi wawo Nangondo, amene wojambula wina anamuona pamsika atasenza nthochi. Nangondo anamwalira pobereka mwana wachitatu, ndipo chithunzi chake china panalibe. Tsoka ilo, posamuka nyumba chikutocho chinasowa. A Mpinganjira anachifunafuna mpaka kukalamba, maso nawo n'kuyamba kuchita khungu. Atadwala mwakayakaya anati, "Ana anga, ndikadangowaonanso amayi anu."

Lufeyo, mwana woyamba, anasiya ntchito n'kuyendayenda m'misika mpaka nsapato kutha. Magazini ngati yomweyo anakaipeza kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, koma chikuto atachiduladula kale, kukulungira ogula. Lufeyo, bambo wamkulu ndi ndevu zake, anagwada m'ngalande kutola zidutswazo, anthu akumuseka.

Zione, wachiwiri, anaphika phala la chinangwa, n'kumamata kachidutswa ndi kachidutswa pakatoni, mpaka msana kuuma. Nthochi zinabwerera, chitenje chinabwerera, mikono yomwe. Koma pankhope mafuta anali atadya utoto wonse. Panangotsala banga.

Pofika nacho, a Mpinganjira anali atasiyiratu kuona. Anachisisita n'kunena kuti, "Ndikungomva pepala lokhalokha. Tandiuzani, akuoneka bwanji?" Akulu awiriwo anangogwetsa misozi. Esinati, chitsiriza, amene amayi ake sanawaonepo n'kamodzi komwe, anayang'ana bangalo n'kuyamba kufotokoza nkhope yake yomwe, imene ankaiona pagalasi.

"Akumwetulira, bambo. Ali ndi mpata kumano, nsidze zawo n'zokumana."

"Ndi iwowo," anatero mkuluyo. "Chikutochi chikhale ndi amene wandibwezera amayi anu." Sanayankhulenso mpaka kumwalira.

Maliro atatha, Lufeyo anati, "Popanda ine, chikanawolera m'ngalande." Zione anati, "Achimwene, inu munabweretsa zinyalala. Amayi ndinawalumikiza ndine." Esinati anazyolika. "Ine ndinanama, sindikukana," anatero. "Koma inu munawaona ali moyo. Ine mayi anga ndi banga limeneli."

Ine nkhaniyi imandithetsa nzeru, ndipo onse atatu ndimawamvera chisoni. Kuchidula patatu sizingatheke, chinang'ambika kale mokwanira. Woti n'kumufunsa kuti ankatanthauza yani ali kumanda. Tsono inu mwamva zonse: amene anabwezera a Mpinganjira mkazi wawo ndani, wotola, womata, kapena wonama uja?