Nkhata za Enifa

Kalekale, iwe Yankho, mayi ako asanadziwe n'komwe kumanga mpango, kunali sukulu ya atsikana pamwamba pa chitunda. Pukuta maminawo kaye. Ukuti anzako akuluakulu akukuzunza, ndiye Lolemba subwererako kusukulu? Aaa, osati mwana wa mchimwene wanga. Khala apa, uzivomera kuti tilitonse.

Sukuluyo inali yogonera komweko. Mpopi kunalibe. Madzi anali kuchitsime, kumunsi kwa chitunda.

Ndiye panali lamulo. Silinalembedwe paliponse, koma aliyense ankalidziwa. Wa Fomu 1 azitungira madzi wa Fomu 4, ndipo azisenza wopanda nkhata. Ee, ndowa yachitsulo pamutu penipeni. Ati mutu ukhwime.

Mwini lamulolo anali Dolika wa Fomu 4. Dolika ameneyo, mayo ine! Wamtali, mawu ngati ng'oma. Akangoti "Iwe!" aliyense ankathamangira ndowa.

Kunabwera mtsikana wina, dzina lake Enifa. Wamfupi, wosalankhulalankhula. M'mudzi mwawo monse, woyamba kufika kusekondale anali iyeyo. Anabwera ndi nkhata ya masamba a nthochi, yopota yekha. Tsiku loyamba anaiika pamutu. Dolika anailanda n'kuiponya m'chimbudzi.

"Wochenjera iwe eti? Anzako ulendo umodzi. Iwe katatu."

Enifa anatsika, anakwera. Anatsika, anakwera. Anatsika, anakwera. Pofika m'kalasi, belu linali litalira kale. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsitsi la paliwombo linayamba kuthothoka.

Aphunzitsi aakulu anamuitana. "Umachedweranji, mwana iwe?"

Enifa duu. Woulula ankamenyedwa.

"Ukachedwanso kamodzi, unyamule katundu uzipita kwanu."

Waona pamene zinafika? Akatunga katatu, sukulu yamuthera. Akakana, Dolika amuswa.

Masana a tsiku limenelo Enifa analowa m'munda wa nthochi, kuseri kwa khitchini. Anapota nkhata. Anapota ina. Anapota, anapota, mpaka zinakwana makumi anayi, mutu uliwonse wa Fomu 1 yake.

M'mawa kuchitsime anazikhuthula pansi.

"Nazi nkhata. Lero aliyense atunge ndowa imodzi, yakeyake."

Anzakewo anangoyang'anana. Palibe anatola. Wina anati, "Ufuna kutiphetsa iwe?"

Enifa anadzaza ndowa yake, anaika nkhata, anasenza, nayamba chitunda yekha.

Dolika anali chilili pakhomo la nyumba yogonamo, thaulo paphewa, sopo m'manja.

"Chili pamutu pakocho n'chiyani?"

"Nkhata, achemwali."

"Madzi anga ali kuti?"

"Ali kuchitsime."

Iii! Mbama inalira, phaa! Ndowa inagwedezeka, koma sinagwe. Nkhata inagwira. Madzi sanatayike ngakhale dontho.

Misozi inali mbwembwembwe, koma Enifa sanabwerere m'mbuyo.

"Menyaninso, achemwali. Koma mutu uwu ndinabwera nawo kudzaphunzira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Dolika anakwezanso dzanja. Dzanjalo linaima m'malere. Kumbuyo kwa Enifa kunatulukira ndowa ina, nkhata pansi pake. Kumbuyo kwa iyo, inanso. Kumbuyo kwake, inanso. Mzere kuchokera kuchitsime mpaka pamwamba pa chitunda, mitu makumi anayi. Manja a Dolika anali awiri. Tandiuza, akanamenya angati?

Anamudutsa mmodzimmodzi, osamuyang'ana n'komwe. Tsiku limenelo Enifa analowa m'kalasi belu lisanalire, tsaya lili chotupa, nakhala kutsogolo.

A Fomu 4 sanasambe. Mawa lake sanasambenso, ati aone amene atope. Tsiku lachitatu, ngakhale aphunzitsi ankayamba atsekula mazenera asanalembe pa bolodi. Basi akuluakulu aja anatola ndowa, natsika okha.

Koma zaka zitatu osasenza, khosi limaiwala. Dolika anakweza ndowa, nayenda mapazi asanu, khuthu! Diresi yonse yonyowa. Anatunganso, khuthu! Anakhala pamatope, ndowa ili uko.

Enifa anali pomwepo, akutsuka ndowa yake. Tonse tinadikira kuti aseke. Akanaseka, palibe akanamudzudzula. Koma iye anatola ndowa ya Dolika naidzaza, n'kutulutsa nkhata yatsopano.

"Weramani, achemwali, ndikusenzetseni."

Dolika anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kenako anawerama. Wamtali uja anaweramira wamfupi, sukulu yonse ikuona. Lamulo lija linafera pomwepo, pachitsime. Enifa anamaliza sukulu yake, ndipo a Fomu 1 amene anabwera pambuyo pathu sanasenzerepo munthu.

Wamva kuti ndati "pathu"? Makutu uli nawo ndithu. Taima ndivule mpangowu. Gwira apa, paliwombo. Wamva kusalalako? Bambo ako amati ndi dazi la ukalamba, amanama. Ndi ndowa ya a Fomu 4 imeneyo, tsitsi silinamerenso. Ndipo ndowa yachiwiri ija, imene inatulukira kumbuyo kwa Enifa, inali pamutu pomwepa. Nkhata ija ndinatola ndine. Mpaka lero ndimanyadira.

Wozunza amalimba chifukwa aliyense amalirira pakona yake. Iwe Lolemba ukwera basi. Ukafika, ukafunefune anzako olirira m'makona, mukaime pamodzi. Ndipo pomwe Enifa analakwitsa usakalakwitsepo: aphunzitsi akakufunsa, ukatsekule pakamwa. Ukalephera kukhala woyamba, kakhale wachiwiri ngati azakhali ako.

Nthano yanga yathera pomwepa. Tandimanga mpangowu, pamutu payamba kuzizira.